Nankalizi ndi tsamba la m'chitsime: mafunso ndi mayankho pa mayina a Chifalansa a tizilombo ta miyendo yambiri ndi zomera za fougère

Wophunzira Chifalansa akatsegula dikishonale pa mawu akuti scolopendre amapeza matanthauzo awiri ooneka ngati osayenderana. Loyamba ndi nankalizi, kachilombo koluma kaja. Lachiwiri ndi chomera cha masamba obiriwira chokonda mthunzi ndi chinyontho. Mafunso ali m'munsiwa ayambira pa chodabwitsa chimenechi, kenaka alowa m'mayina ena a mabanja awiriwa.

Kodi fougère ndi chomera chanji?

Ndi dzina la banja lalikulu la zomera zimene sizichita maluwa kapena kubala njere. Zimaberekana ndi kafumbi kamene kamapangika kunsi kwa tsamba, ndipo tsamba lanthete limatuluka litadzipinda kunsonga n'kumatambasuka pang'onopang'ono. Amene anakwerako mapiri a Zomba, Mulanje kapena Nyika anadutsa m'thengo la zomera zimenezi, za masamba ogawikagawika ngati nthenga. Mtundu wofala kumapiriko ndi womwewo umene umadzaza malo ouma a ku Bretagne, kumadzulo kwa France, umene Afalansa amati fougère aigle. Padziko lonse pali mitundu yoposa 10,000 ya zomera za m'banjali.

Nanga mawu akuti fougère anachokera kuti?

Anachokera ku Chilatini, koma anadzera pakamwa pa anthu, osati m'mabuku. Aroma ankati filix, ndipo tsinde la mawuwo linali filic-. Anthu wamba a mu ufumu wa Roma, alimi, asilikali ndi amalonda amene Chilatini chawo sichinali cha m'kalasi, anawonjezerapo mchira wakuti -aria n'kupanga filicaria. Mchira umenewu unkasonyeza malo amene chinthu chachuluka. Choncho filicaria poyamba silinali dzina la chomera ayi, linali dzina la thengo lodzala ndi chomeracho.

Kuchoka pamenepo, lilime la anthu a kumpoto kwa dziko limene lero ndi France linapera mawuwa kwa zaka mazana ambiri. Lembo i lachiwiri linagwa. Lembo l likatsogolera konsonanti linkasanduka u, ndipo zimenezi zinachitikira mawu ambiri: alba inakhala aube, kutanthauza mbandakucha, alter inakhala autre, kutanthauza china. Lembo c linafewa n'kumveka ngati g wa mu fougère wa lero, ndipo mchira uja -aria unasanduka -iere. M'zolemba za m'zaka za m'ma 1100 mawuwa akupezeka atalembedwa feugiere, ndipo fougère ndiye mdzukulu wake.

Chimene chimandikopa pa mbiri imeneyi n'chakuti dzina la malo linalanda mpando wa dzina la chomera. Litatero, thengo lija linatsala lopanda dzina, mpaka Afalansa anapanga lina, fougeraie, poika mchira wina wa malo pa mawu amene anali kale ndi mchira wa malo. Tanthauzo lakale lija linabisala m'mayina a midzi ndi matauni. Fougères wa ku Bretagne, tauni ya linga lalikulu la m'mphepete mwa mtsinje wa Nançon, ndiye wodziwika kwambiri. Aliponso Feugères ku Normandie, Feuquières ku Picardie, ndi midzi ingapo yotchedwa Fougerolles. Kum'mwera, kumene anthu ankalankhula Chiokisitani, l uja sanagwe m'madera ambiri, n'chifukwa chake kuli dzina la banja lakuti Falguière, monga la wosema ziboliboli Alexandre Falguière amene anabadwira ku Toulouse mu 1831. Aliyense wa mayinawa akunena chinthu chimodzi: makolo athu anamanga pamene panali thengo la fougère.

Zilankhulo zina zobadwa ku Chilatini zinatenga njira zawozawo kuchokera ku muzu womwewo. Ataliyana amati felce, Asipanishi helecho, Apwitikizi feto, Akatalani falguera.

Aroma asanafike, anthu a kumeneko ankachitcha chiyani chomerachi?

Ankati ratis. Dzinali tikulidziwa chifukwa Marcellus wa ku Bordeaux, amene analemba za mankhwala cha m'ma 400, anasunga mayina angapo a zomera a m'chilankhulo cha Agalo, anthu amene Aroma anawapeza m'dzikolo, pambali pa a Chilatini. Ratis sanalowe m'Chifalansa, koma abale ake akadali moyo: ku Bretagne olankhula Chibretoni amati raden.

Afalansa amamutcha chiyani nankalizi? Nanga bongololo?

Pokambirana tsiku ndi tsiku, onse awiri ndi mille-pattes, ndiye kuti "miyendo chikwi". Apa Chichewa chimaona bwino kuposa Chifalansa cha pamsewu, pakuti ife sitingasokoneze awiriwa. Nankalizi ndi waphanthiphanthi, wothamanga, wolusa, ali ndi miyendo iwiri pa mfundo iliyonse ya thupi lake, ndipo amasaka tizilombo tinzake. Bongololo ndi wobulungira, woyenda mwachifatse, ali ndi miyendo inayi pa mfundo zambiri, amadya masamba owola, ndipo mukamukhudza amangodzipinda.

Mfalansa akafuna kusiyanitsa amatenga mawu a m'mabuku. Nankalizi wamkulu ndi scolopendre. Bongololo ndi iule, kuchokera ku Chigiriki ioulos, mawu amene ankatanthauza ubweya wanthete wongoyamba kumera komanso kachilombo ka miyendo yambiri. Ndikuona kuti amene anagwirizanitsa ziwirizo anayang'anitsitsa ndithu, chifukwa timiyendo ta bongololo tikamayenda timachita mafunde ngati ubweya woombedwa ndi kamphepo.

Mawu akuti patte ndi mwendo wa nyama, pamene pied ndi phazi, makamaka la munthu. Kale ankanenanso mille-pieds, ndipo mudzalipeza m'madikishonale a m'zaka za m'ma 1800, koma mille-pattes ndiye anapambana.

Kodi alipo amene ali ndi miyendo 1,000 yeniyeni?

Kwa zaka zambiri yankho linali lakuti palibe. Mwini mbiri anali bongololo wamng'ono wa ku California, Illacme plenipes, wa miyendo 750. Zinasintha mu 2021 pamene akatswiri analengeza za Eumillipes persephone, wopezeka pansi pa nthaka, mamita pafupifupi 60, kumadzulo kwa Australia. Mmodzi wamkazi anamuwerenga miyendo 1,306.

Koma amene anayamba kunena mille-pattes sankawerenga. M'Chifalansa mille ndi mawu onenera kuchuluka kosawerengeka, ndipo mayina ambiri anapangidwa motero. Millepertuis, "zibowo chikwi", ndi chomera chimene tsamba lake mukaliyang'ana padzuwa limaoneka ngati labowokabowoka. Millefeuille, "masamba chikwi", ndi dzina la chomera cha masamba ong'ambika mwatsatanetsatane komanso la keke ya mapepalamapepala. Aroma nawonso ankati millepeda ndi centipeda, miyendo chikwi ndi miyendo zana, osasamala kuti nambala ikwane.

Za nankalizi pali mfundo ina yokoma. Mfundo za thupi lake zokhala ndi miyendo zimakhala nambala yosagawika pawiri: 15, 21, 23, mpaka 191. Kuti akhale ndi miyendo 100 yeniyeni pangafunike mfundo 50, ndipo 50 imagawika pawiri. Choncho dzina la "miyendo zana" silimukwana. Scolopendre wa kum'mwera kwa France, Scolopendra cingulata, wokhala pansi pa miyala m'madera ouma a kufupi ndi nyanja ya Mediterranean, ali ndi mfundo 21 za miyendo, ndiye kuti miyendo 42, ndipo amatalika masentimita 10 mpaka 15.

Mawu akuti scolopendre anachokera kuti?

Ku Chigiriki skolopendra, kudzera m'Chilatini scolopendra. Mukayerekeza ndi fougère muona kusiyana kwakukulu. Fougère anaperedwa mpaka osazindikirika, pamene scolopendre anangosintha lembo lomaliza. Chifukwa chake n'chakuti mawuwa sanali pakamwa pa alimi. Anakhala m'mabuku a asing'anga ndi a ophunzira, amene ankakopera lembo ndi lembo, n'kulowa m'Chifalansa osakhudzidwa.

Za kumene Agiriki anawatenga, akatswiri amasiyana maganizo. Kufotokoza kwakale kumawagawa pawiri: skolops, chinthu chosongoka ngati munga kapena chikhomo, ndi enteron, thumbo, pokumbukira kuti Agiriki ankatcha nyongolotsi "matumbo a nthaka". Pamenepo tanthauzo lingakhale nyongolotsi yaminga. Akatswiri ena, monga Robert Beekes wa ku Leiden, amati mawuwa ndi akale kuposa Chigiriki, otengedwa kwa anthu amene ankakhala m'deralo Agiriki asanafike. Kufotokoza koyamba kuja n'kokoma m'khutu, koma musakulandire ngati chinthu chotsimikizika.

Dzinali linalowanso m'madzi. Aristotle analemba za skolopendra wa m'nyanja, nyongolotsi ya timinga m'mbali monse, ndipo Chifalansa chinasunga scolopendre de mer. Mu 1758 Linnaeus, katswiri wa zachilengedwe wa ku Sweden, anatenga Scolopendra kukhala dzina la sayansi la gulu la anankalizi.

Zinatheka bwanji kuti dzina limodzi likhale la kachilombo komanso la chomera?

Yankho lili kunsi kwa tsamba. Chomera chotchedwa scolopendre, Asplenium scolopendrium, n'chosiyana ndi fougère zinzake chifukwa tsamba lake si logawikagawika. Ndi lamba mmodzi wautali, wonyezimira, wosongoka kunsonga, wotha kufika theka la mita. Chimakonda miyala ya laimu, zigwa zamthunzi, makoma akale achinyontho, ndipo ku France chimapezeka kawirikawiri chitamera m'kati mwa zitsime zakale zomangidwa ndi miyala. Mukatembenuza tsamba lokhwima mupeza mizere yofiirira itandandalika uku ndi uku kwa mtsempha wapakati, yopendekera pang'ono. Mtsemphawo ndiye thupi, mizereyo ndiyo miyendo. Nankalizi wathunthu wajambulidwa pamenepo. Mizereyo ndi timatumba ta kafumbi koberekera kaja, timene akatswiri amati sores, kuchokera ku Chigiriki soros, mulu.

Mbiri yake ili ndi pokhota pena. Dioscorides, sing'anga wa Chigiriki wa m'zaka 100 zoyambirira Khristu atabadwa, anagwiritsa ntchito dzina lakuti skolopendrion pa chomera china, chaching'ono, chomera m'ming'alu ya miyala, chimene Afalansa lero amati cétérach kapena doradille. Tsamba la chimenecho lili ndi timapiko tozungulira mbali zonse ziwiri, ndiye maonekedwe ake onse ndi a kachilombo ka miyendo yambiri. Chomera cha tsamba la lamba chija iye ankachitcha phyllitis, kuchokera ku phyllon, tsamba, ngati kunena kuti chomera chimene n'tsamba lokhalokha. M'kupita kwa zaka dzina la nankalizi linasamuka kuchoka pa chaching'ono kupita pa chachikulu, ndipo linakhazikika pamene Linnaeus anachilemba Asplenium scolopendrium mu 1753. Mabuku ena akale amachitchabe Phyllitis scolopendrium kapena Scolopendrium vulgare. Chomera n'chimodzi.

Anthu akumudzi analibe nazo ntchito zonsezi. Iwo anayang'ana pamwamba pa tsamba, osati kunsi, ndipo anaona lilime. Dzina lawo ndi langue de cerf, lilime la cerf, nyama ya ku Ulaya yonga mbawala ya nyanga zanthambinthambi. M'Chilatini cha asing'anga linali lingua cervina. Mayina onse awiri ndi oona, ndipo sindiona chifukwa choti la m'mabuku liziyesedwa lapamwamba kuposa la kumudzi. Wina anaona tsamba ali chiimire, wina anagwada n'kulitembenuza.

Dzina la Asplenium nalo lili ndi nkhani yake: lili ndi mawu a Chigiriki akuti splen, kapamba, chifukwa akale ankakhulupirira kuti zomerazi zimaphwetsa kapamba wotupa. Doradille anabwerekedwa ku Chisipanishi doradilla, "kagolide", ponena za mamba onyezimira a kunsi kwa tsamba.

Timati un scolopendre kapena une scolopendre? Ndipo mille-pattes amalembedwa bwanji?

Madikishonale amati une scolopendre, kaya mukunena kachilombo kaya chomera. Mudzamva Afalansa ambiri akunena un, koma pamayeso lembani une. Mille-pattes ndi mawu aamuna, un mille-pattes, ndipo sasintha akachuluka. Kalembedwe katsopano ka mu 1990 kanalola un millepatte, des millepattes, popanda kamzere pakati. Zonse ziwiri n'zololedwa.

Kodi m'maiko onse olankhula Chifalansa amati mille-pattes?

Ayi. Pa chilumba cha Réunion, ku Nouvelle-Calédonie ndi ku Tahiti amati cent-pieds, mapazi zana. Ku Québec, m'dziko la Canada, mudzamva centipède. Ku zilumba za Antilles kuli bête à mille pieds, chilombo cha mapazi chikwi. Onani kuti zilumbazi zinasunga pied, mawu amene ku France anagonjetsedwa ndi patte. Kumadera otenthawa dzinali silitchulidwa mwachibwana, chifukwa anankalizi akumeneko ndi aakulu ndipo kuluma kwawo kumapweteka koopsa. Wamkulu kuposa onse, Scolopendra gigantea wa kumpoto kwa South America, amafika masentimita 30.

Nanga mayina monga myriapode, chilopode ndi scutigère anapangidwa ndi ndani?

Ambiri mwa amenewa ali ndi mwini wake ndi chaka chake, chifukwa anasulidwa mwadala ndi akatswiri a zachilengedwe, ambiri a ku Paris. Pierre André Latreille, wobadwira ku Brive mu 1762, ndiye anapanga Myriapoda mu 1802. Anatenga murias, 10,000, ndi pous, phazi. Munthu wa sayansi anachulukitsa kakhumi kukokomeza kwa anthu wamba kuja. Latreille anali wansembe amene anamangidwa pa nthawi ya kuukira kwa ku France, ndipo anapulumuka kuthamangitsidwa m'dziko chifukwa cha kachikumbu kosowa, Necrobia ruficollis, kamene anakazindikira m'ndende. Nkhani ya kachikumbuko inafika kwa akatswiri anzake amene anamuwombola.

Latreille yemweyo anapereka dzina la Chilopoda mu 1817 kwa gulu la anankalizi: cheilos, mlomo, ndi pous, phazi. Dzina ili ndi limodzi mwa abwino kwambiri m'nkhani yonseyi, chifukwa likunena chinthu chimene anthu ambiri sadziwa. Zimene nankalizi amalumira si mano. Ndi miyendo iwiri yoyamba imene inasanduka mbedza zaululu pansi pa mutu. Afalansa amazitcha forcipules, tizopanira. Gulu la abongololo ndi diplopodes, "mapazi owirikiza", chifukwa cha miyendo inayi pa mfundo ija.

Scutigère ndi dzina limene katswiri wina wa ku Paris, Lamarck, anapanga mu 1801, kuchokera ku scutum, chishango, ndi gerere, kunyamula, ponena za mbale zolimba za pamsana. Scutigère véloce ndiye amene Afalansa amakumana naye kwambiri m'nyumba, m'bafa kapena m'chipinda chapansi: miyendo 30 yaitali ngati ulusi, liwiro lodzidzimutsa. Anthu ambiri amamupha ndi nsapato, pamene iye amadya mphemvu, akangaude ndi tizilombo tina ta m'nyumba. Lithobie ndi "wokhala pa miyala", géophile ndi "wokonda nthaka", gloméris ndi wodzikulunga ngati mpira, kuchokera ku glomus, mpukutu wa ulusi.

Chenjezo kwa owerenga mabuku akale a mankhwala: millepedes wotchulidwa mmenemo kawirikawiri si bongololo. Ndi cloporte, kachilombo kotuwa ka miyendo 14 kokhala pansi pa zipika, kamene kali pachibale ndi nkhanu.

Kodi pali fougère ina imene dzina lake limanena za miyendo?

Ilipo, polypode, kuchokera ku polus, zambiri, ndi pous, phazi. Tsinde lake limakwawa pa miyala ndi pa makungwa a mitengo, lili ndi timphukira ndi timizu tambiri tonga mapazi. Tsindelo ndi lotsekemera, n'chifukwa chake kumudzi amati réglisse des bois, muzu wotsekemera wa m'nkhalango.

Mawu a Chigiriki omwewo, polupous, anabala ana atatu ena m'Chifalansa. Polype ndi la m'mabuku, lodziwika kuchipatala ngati kachotupa komera m'mphuno kapena m'matumbo. Poulpe ndi nyama ya m'nyanja ya mikono 8, dzina limene linadzera kwa asodzi a ku Provence. Pieuvre ndi nyama yomweyo m'kalankhulidwe ka asodzi a pa zilumba za pakati pa France ndi England, ndipo Victor Hugo, amene anakhala pa chilumba cha Guernsey ali wothawa kwawo, ndiye anafalitsa mawuwa kudzera m'buku lake la mu 1866.

Fougère mâle ndi fougère femelle: kodi zomerazi zili ndi yaimuna ndi yaikazi?

Ayi. Ndi mitundu iwiri yosiyana, Dryopteris filix-mas ndi Athyrium filix-femina, ndipo siberekerana. Akale anatcha yolimba ndi yokhuthala kuti yaimuna, ya masamba osalala ndi ong'ambika bwino kuti yaikazi. Mayinawo anatsala ngakhale kuti maganizo amene anawabala anatha.

Kusokonezeka kunali komveka. Kwa zaka zikwi palibe amene ankadziwa mmene chomera chopanda duwa ndi njere chimaberekera. M'madera ambiri a ku Ulaya, France yomwe, anthu ankakhulupirira kuti fougère imabala njere usiku umodzi wokha pachaka, usiku wolowera tsiku la Yohane Woyera pa 24 June, ndipo wozitola amapeza chuma kapena mphamvu yosaoneka ndi maso. Linnaeus anaika zomerazi m'gulu la cryptogames, "ukwati wobisika". Wilhelm Hofmeister wa ku Germany ndiye anafotokoza bwino ulendo wonse mu 1851: kafumbi kaja kamamera kakhungu kobiriwira kakang'ono kuposa chikhadabo, ndipo pa kakhunguko ndi pamene pamakhala ziwalo zachimuna ndi zachikazi.

Fougère mâle inali ndi ntchito yeniyeni. Tsinde lake linkapha njoka yaitali yaphanthiphanthi ya m'mimba. Mu 1775 mfumu Louis XVI inagula chinsinsi cha mankhwala a Madame Nouffer, mkazi wamasiye wa ku Morat ku Switzerland, n'kulamula kuti chifalitsidwe, ndipo zinapezeka kuti mtima wa mankhwalawo unali ufa wa tsinde limeneli, lodziwika kale kuyambira nthawi ya Agiriki. Lili ndi poizoni wotha kuwononga maso ndi chiwindi, ndipo madokotala analisiya atapeza mankhwala abwinopo. Musaliyese.

Chiwombankhanga chikulowa bwanji mu fougère aigle?

Dulani phesi la tsamba chopendekera, pafupi ndi nthaka. Mitsempha ya m'kati imajambula chithunzi chakuda chofanana ndi chiwombankhanga cha mitu iwiri chotambasula mapiko, chonga cha pa zizindikiro za mafumu a ku Ulaya. Dzina la sayansi, Pteridium aquilinum, lili ndi aquila, chiwombankhanga m'Chilatini, ndi pteris, dzina la Chigiriki la fougère lochokera ku pteron, phiko kapena nthenga.

Alimi a ku Bretagne ndi a kumapiri a Pays basque ankamweta chomerachi m'nyengo yophukutika masamba kuti chikhale chogonera ziweto m'khola, kenaka manyowa. Kudya ayi: chili ndi poizoni wodwalitsa ng'ombe ndi akavalo, ndipo chimodzi mwa zinthu za m'kati mwake, ptaquiloside, chimayambitsa khansa.

N'chifukwa chiyani fougère limatanthauzanso galasi ndi mtundu wa mafuta onunkhira?

Galasi limafuna mchenga ndi mchere wina wothandiza kuti mchengawo usungunuke. Opanga magalasi a m'nkhalango za ku France ankaupeza mcherewo m'phulusa la fougère, mofanana ndi mmene amayi amachezera chidulo m'phulusa kuti afewetse therere. Zotuluka zake zinali matambula opepuka, opyapyala, obiriwira pang'ono, otchedwa verre de fougère. Anafala kwambiri m'zaka za m'ma 1600 ndi 1700, mpaka olemba ndakatulo ankangoti fougère akutanthauza tambula ya vinyo. Wowerenga ndakatulo ya nthawiyo akapeza vinyo ali "mu fougère", asaganize kuti wataikira patchire.

Nkhani ya mafuta onunkhira ndi ya mu 1882, pamene Paul Parquet anapangira kampani ya Houbigant mafuta otchedwa Fougère Royale. Fougère zambiri zilibe fungo lodziwika. Parquet anapeka fungo la nkhalango yachinyontho posakaniza lavenda, ndere za pa mitengo ya oak ndi coumarine, chinthu chonunkhira ngati udzu wouma chimene William Perkin anapanga mu labotale mu 1868. Mafutawo anatchuka mwakuti fougère linakhala dzina la banja lonse la mafuta onunkhira, makamaka a abambo, ndipo limatchulidwa m'Chifalansa chomwecho m'masitolo a padziko lonse.

Nanga capillaire?

Kuchokera ku capillus, tsitsi. Mapesi a Adiantum capillus-veneris ndi akuda, onyezimira, opyapyala ngati tsitsi, ndipo dzina lake lina ndi cheveux de Vénus. Amatinso capillaire de Montpellier, ndipo ankapangira madzi otsekemera a chifuwa. Mawu omwewo amanenanso timitsempha ta magazi tating'onoting'ono ndi zodzola za m'mutu. Adiantum ndi Chigiriki, "chosanyowa", chifukwa madzi amangotsetsereka pa masamba ake.

Kodi fronde, tsamba la fougère, n'limodzi ndi fronde, gulaye woponyera miyala?

Amalembedwa mofanana koma makolo awo ndi osiyana. Fronde wa tsamba anachokera ku frons, frondis, masamba a mtengo, ndipo ndi mawu a akatswiri a zomera. Fronde wa gulaye anachokera ku funda, ndipo ndi amene anapereka dzina kwa La Fronde, kuukira kwa mu 1648 mpaka 1653 pa nthawi imene Louis XIV anali mwana.

Tsamba lanthete lodzipinda lija amaliti crosse, ndodo yokhota kumutu ya bishopu. Ku Québec ndi ku Nouveau-Brunswick amadya nsonga zimenezi za mtundu wotchedwa fougère-à-l'autruche, wa masamba onga nthenga za nthiwatiwa, ndipo pamsika amaziti têtes de violon, mitu ya vayolini, potengera Chingerezi cha anansi awo. Osamala chilankhulo kumeneko amakonda crosses de fougère. Dzina lililonse limene mungasankhe, akuluakulu a zaumoyo ku Canada amalangiza kuziwiritsa mphindi 15, chifukwa zosapsa zimatsegula m'mimba.

Kodi prêle nayo ndi fougère?

Akatswiri a lero amaiika m'banja lomwelo, ngakhale maonekedwe ake ndi ena: phesi la mphako la mfundomfundo, lokhala ndi timasamba tonga singano tozungulira mfundo iliyonse. Kumudzi amati queue-de-cheval, mchira wa kavalo, zimene dzina la sayansi Equisetum likunenanso. Phesi lake lili ndi timchenga tambiri m'khungu, ndipo anthu ankakwechera miphika ndi kusalazira matabwa.

Kukhakhala kumeneko ndiko kunabala dzina. Asper m'Chilatini ndi chokhakhala, anthu wamba anapanga asperella, ndipo Chifalansa chakale chinati asprele. Ndi kamawu kotsogolera dzina zinkamveka l'asprele. Lembo s litasiya kutchulidwa, khutu linkamva "laprêle", ndipo anthu anadula pena: m'malo mwa l'aprêle anayamba kulemba la prêle. Lembo a linachoka pa dzina n'kukakhala pa kamawu kotsogolera. Zomwezo zinachitikira griotte, kachipatso kowawasa kofiira, kamene kanali l'agriote. Pa lierre, chomera choyanga pa makoma, zinayenda chobwerera: dzina linali ierre, kuchokera ku hedera, ndipo l wa mu l'ierre anamamatira mpaka lero amati le lierre.